Mwana wanga sagona ndi nkhani za chikondi chankhanza pa foni: ndimulande?

Funso

Ndine mayi wa ku Chilenje. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 19, ali chaka choyamba ku koleji. Usiku sagona, amangokhalira kuwerenga nkhani za makatuni pa foni. Tsiku lina malaiti atazima ndinakhala naye pampando n'kusuzumira. M'nkhaniyo mwamuna wolemera watsekera mtsikana m'nyumba, wamulanda foni, wamenya mnyamata amene anangomupatsa moni, kenaka akumubweretsera maluwa akulira. Mwana wanga akuti, "Amami, uyu amamukonda zoopsa." Iye ndi anzake amakangana za mwamunayu ngati ndi munthu weniweni, ena akuti ndi chilombo, ena akuti akumufuna. Chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwana wangayu ali ndi chibwenzi chomwe chimamuimbira kangapo pa ola, ndipo chimadziwa password ya foni yake. Kodi nkhanizi ndi zimene zikumuwononga? Ndimulande foni?

Yankho

Mayi mnzanga, foni musamulande. Ndayambira pamenepa chifukwa ndikudziwa kuti mtima uli m'mwamba ndipo dzanja likuyabwa kale. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo ndapezamo amuna awiri. Wina ndi wojambulidwa, ali m'kati mwa foni. Wina ndi wamoyo, ndiye akuimba pa foniyo. Inu mwafunsa za wojambulidwayo, ndipo ndikuyankhani za iye mokwanira, koma amene wandikhazika pansi ine ndi wamoyoyo.

Zimene mwana wanu akuwerenga amazitcha webtoon kapena manhwa. Zambiri zimachokera ku South Korea, kumene kampani ya Naver inayamba kuzifalitsa pa intaneti mu 2004, ndipo mu 2014 inazitsegulira maiko ena m'Chingerezi. Anazikonza moyenerana ndi foni. Palibe kutembenuza tsamba, chala chimangokankhira zithunzi m'mwamba, china chikapita china chafika. Gawo limodzi limatha m'mphindi zochepa, ndipo limathera dala pamene mtima wafika pakhosi. Wofuna kudziwa zotsatira adikire sabata yamawa, apo ayi agule makoini a pa intaneti otsegulira gawo lotsatira. Mukakwera minibasi yochokera ku Kulima Tower madzulo, tayang'anani zala za atsikana a sukulu, muona kuti mwana wanu sali yekha. Mtundu umene iye wakonda achinyamata amautcha dark romance: nkhani yachikondi imene mwamuna wake ndi woopsa, wansanje, nthawi zina chigawenga chenicheni.

Ndikufunseni kanthu. Agogo anu sanakusimbireni nthano ya mtsikana wokana amuna? Ife kwathu kum'mawa tinkaimva pamoto, nsima itatsika. Padangokhala, tili tonse. Mtsikana wokongola anakana anyamata onse a m'mudzi, mpaka kunatulukira mlendo wosalala, wa mano oyera, wovala bwino. Anamulola tsiku lomwelo. Kamlongo kake kodwaladwala, kamene aliyense ankakanyoza, kanawatsatira ku ukwatiko, ndipo usiku, anthu ali m'tulo, kanaona mlamu wake akusanduka fisi, akuitana afisi anzake kuti adzaone ngati nyama yanona. Tinkamvera titapanikizana pamphasa imodzi, wina atagwira chitenje cha agogo, ndipo mawa lake tinkapemphanso nthano yomweyo. Panalibe mmodzi mwa ife amene ankalakalaka kukwatiwa ndi fisi. Tinkafuna mantha aja, mantha amene amatha nthano ikatha, agogo ali pomwepo, chitseko chili chotseka.

Katswiri wa za maganizo wa ku America, Paul Rozin, anafufuza chifukwa chimene anthu amadyera tsabola chikhalirecho amawawa. Kufotokoza kwake n'kwakuti thupi limakuwa kuti "moto!" pamene mutu ukudziwa kuti palibe chikupsa, ndipo kukoma kuli pakusemphana kumeneko. Nkhani zoopsa zimagwira ntchito chimodzimodzi. Wowerenga ali m'bulangete lake ku Chilenje, mtima ukugunda ngati watsekeredwa ndi iyeyo, koma akatopa amangodina batani n'kugona. Mphamvu yotseka nkhaniyo ili m'manja mwake, ndipo imeneyi ndi mphamvu imene mkazi womenyedwa zenizeni alibe.

Palinso china chimene anthu amachiphonya akamaweruza owerenga nkhanizi. Mu 1984 mayi wina wofufuza, Janice Radway, anafalitsa zimene anapeza atacheza ndi amayi a m'tauni ina ya ku America okonda mabuku achikondi. Ambiri anamuuza kuti nthawi yowerengayo ndi yokhayo imene imakhala yawoyawo, yopanda wowaitana. Ndipo chimene ankachidikira m'mabukumo sichinali nkhanza za mwamunayo. Ankadikira pamene mwamuna wouma mtima uja afewa n'kuyamba kusamala mkaziyo monga mmene mkazi amasamalira aliyense pakhomo. Ine pa ntchito yanga ya uphungu ndimamva zofanana ndi zimenezi kwa atsikana a kuno. Mmodzi anandiuza kuti, "Anti, ine sindifuna wondimenya. Ndifuna wondiona ngati palibenso wina padziko." Njala imeneyo si matenda. Tonse tinakhalapo nayo pa zaka 19. Ndakhalanso ndi amayi amene anathawa m'mabanja a nkhanza, ena mwa iwo amawerenga nkhanizi kuti ayang'ane zimene zinawachitikira ali pataliko, pamene ena sangathe kupirira ngakhale chithunzi chimodzi. Onsewo ndimawamvetsa, ndipo sindiuza aliyense wa iwo kuti walakwa.

Tsono mkangano wa mwana wanu ndi anzake usakudetseni nkhawa. Ine ndikanada nkhawa kukanakhala kuti sakangana. Mnzake uja akuti "ndi chilombo" ndiye kamlongo ka m'nthano ija, kamene kakuona fisi pamene ena akuona mkamwini. Uja akuti "ndikumufuna" kawirikawiri amadziwa bwino lomwe kuti akunena za chojambula, ndipo mukamufunsa ngati angalole mng'ono wake kukwatiwa ndi munthu wotero amakana msangamsanga. Atsikana amasiku ano ali ndi mawu awo, amati mwamuna uyu ndi red flag (chenjezo la ngozi), chibwenzi ichi ndi toxic (chowononga munthu), ndipo ambiri anaphunzira kutchula zinthuzi pokangana za nkhani ngati zomwezi. Ife pa msinkhu wawo tinalibe dzina la zimenezi, tinkangoti "ndi mmene alili bambo ake." Wowerenga amene amandiimitsa mutu ndi uja amene amati, "Wolakwa ndi mtsikanayo, akanapanda kuyankha moni wa mnyamata uja sizikanachitika." Ameneyo wasiya kuopa fisi, wayamba kumuikira kumbuyo.

Mawu a mwana wanu akuti "amamukonda zoopsa" ali pakati pa awiriwa, ndipo n'chifukwa chake sindikuuzani kuti nkhanizi zilibe vuto. Lilipo. Koma sili pamene ambiri amaloza. Kuopsa kwa mwamunayo si vuto, fisi wa agogo anali woopsa kuposa pamenepo. Vuto lili kumathero. M'nthano ya agogo fisi ankakhalabe fisi, ndipo mtsikana ankapulumuka pothawa. M'nkhani zambiri za pa fonizi fisi amasanduka munthu, ndipo chomusandutsacho ndi kupirira kwa mkazi. Akatsekeredwa, akanyozedwa, akalira magawo makumi angapo osachoka, mphotho yake imafika: mwamuna wagwada, wasintha, ukwati wachitika.

Tsiku lina mudzayang'anitsitse mmene amajambulira. Mwamuna wagwira mkono wa mtsikana mwamphamvu, wamupanikiza kukhoma. Chithunzicho chikanakhala chojambula ndi kamera mukanaona mantha okhaokha. Koma wojambula waika maluwa akugwa kumbuyo kwawo, wawalitsa tsitsi la mwamunayo, wapaka kufiira pamasaya a mtsikana. Mukakankha chala kamodzi, mkono uja ulibe chipsera, ulibe kutupa. Mukakankhanso, akukuonetsani mwamunayo ali mwana, ali yekha pakona, bambo ake akumukalipira, ndipo chifundo chanu chonse chasamukira kwa iye. Chachikulu kuposa zonse ndi ichi: wolemba amakulowetsani m'mutu mwa mwamunayo. Mumawerenga maganizo ake olembedwa pambali, "sindingakhale popanda iye." Wowerenga sakayika kuti chikondi chilipo, chifukwa wachiona ndi maso ake chitalembedwa. Kunja kuno palibe mkazi amene anawerengapo za m'mutu mwa mwamuna wake. Amangoganizira, ndipo amene wazolowera nkhanizi atha kulembera mwamuna wankhanza maganizo okoma amene mwini wakeyo alibe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wojambulayu amakupatsani mkuyu atachotsamo nyerere zonse.

Zimenezi zinayesedwapo. Mu 2015 Julia Lippman wa ku yunivesite ya Michigan anaonetsa magulu a amayi mafilimu osiyana. M'mafilimu ena mwamuna wolondalonda mkazi amene wamukana ankaoneka ngati wachikondi chozama, m'mafilimu ena khalidwe lomwelo linkaoneka loopsa. Amene anaonera oopsawo anatuluka akudana kwambiri ndi khalidwelo. Mwa amene anaonera okometserawo, amene ankakhulupirira kuti filimuyo ikuonetsa moyo mmene ulili anatuluka akulichepetsa. Khalidwe la mwamuna linali limodzi, chosiyana chinali dzina limene nkhaniyo inalipatsa. Muonenso mbali yachiwiriyo: chimene chinakoka anthu kwambiri ndi kukhulupirira kuti "umu ndi mmene zimakhalira."

Apa ndipamene mtima wanga umawawa, mayi, chifukwa phunziro lakuti mkazi akapirira mwamuna amasintha silinabwere ndi foni. Mwana wanu analimva kale asanadziwe kuti kuli dziko lotchedwa Korea. Timaliimba pa kitchen party. Alangizi ena amalinong'oneza kwa mkwatibwi usiku woti mawa ukwati: banja ndi kupirira, za m'nyumba sizituluka panja, mwamuna wansanje ndiye wokonda. Anzathu Achibemba anachita kulipatsa dzina, shipikisha club, kutanthauza gulu la opirira. Ena mpaka lero amanena osachita manyazi kuti kumenya ndi mankhwala a banja. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti amayi 36 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 muno m'Zambia anamenyedwapo kuchokera pamene anakwanitsa zaka 15, ndipo pafupifupi theka la amayi anavomereza kuti pali zifukwa zimene mwamuna angamenyere mkazi wake, monga kupsereza chakudya kapena kuchoka osatsanzika. Ambiri mwa amayi amenewo sanawerengepo webtoon. Nkhani ya pa foni ikagwera mtsikana wa kwathu kuno imapeza munda wolimalima, ndipo chimene ndimaopa ndi kugwirizana kwa mawu awiriwa, a wojambula wa kutali ndi a azakhali a pafupi. Sindikunyoza alangizi onse, ndikudziwa ambiri amene masiku ano amauza mwana kuti akakumenya ubwere kunyumba. Koma inu ndi ine tikudziwa zimene tinauzidwa.

Nanga maluwa aja obwera pambuyo pa nkhonya? Amenewo wolemba sanapeke, anawatenga m'moyo weniweni. Mu 1979 Lenore Walker, atamvetsera amayi ambiri omenyedwa, anafotokoza kuti nkhanza za m'banja nthawi zambiri zimayenda mozungulira: mkwiyo umaunjikana, kenaka umaphulika, kenaka kumabwera kupepesa, mphatso ndi malonjezo, basi n'kuyambiranso. Patangopita zaka ziwiri, mu 1981, Donald Dutton ndi Susan Painter analemba za chimene chimamangirira munthu kwa womuzunza, ndipo anatchula zinthu ziwiri: wina kukhala ndi mphamvu zonse, ndi kusinthanasinthana kwa nkhanza ndi kukoma mtima mosadziwika tsiku. Mwamuna woipa masiku onse savuta kumusiya. Wovuta kumusiya ndi amene lero wakutukwana, mawa wakugulira chitenje, ndipo sudziwa kuti mkuja adzuka ndi nkhope iti. Umakhalira kudikira tsiku labwino ngati wa juga amene akuti mwina ulendo uno. Kusinthanasinthana komweko n'kumene kumagwira wowerenga kuti agule gawo lotsatira. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nkhani wolemba analemba kale tsiku limene kuzungulirako kudzathe. M'nyumba za anthu, nthawi yopepesa ija imanka ifupika.

Tsopano tibwere kwa mnyamata wamoyoyo. Sindikumuweruza, sindinamuone. Achinyamata ambiri amapatsana password ngati chizindikiro chokhulupirirana, ndipo chibwenzi chatsopano chimaimbirana mopitirira muyeso. Chimene muyenera kudziwa si kuchuluka kwa mafoni. Muyenera kudziwa chimene chimachitika mwana wanu akapanda kuyankha. Kodi mnyamatayo amangoti "unali kuti, ndinakusowa," nkhani n'kutha? Kapena pamakhala mlandu, kumufunsa anali ndi ndani, kumuuza atumize chithunzi cha pamene ali, kumunyanyala mpaka apepese? Kodi password ya mnyamatayo mwana wanu akuidziwa, kapena msewu ndi wopita kumodzi? Kodi atasintha password lero, mawa kungache bwino? Yang'ananinso zinthu zimene zimachoka mwakachetechete: mnzake wa kalekale amene sabweranso, diresi limene ankalikonda koma salivalanso, kwaya kapena gulu la ku koleji limene wasiya popanda chifukwa chomveka. Akatswiri amatcha zimenezi coercive control, kulamulira munthu pomutsekera njira imodziimodzi mpaka atsale ndi iwe wekha, ndipo nthawi zambiri zimayamba chibakera chisanaponyedwe. Ku England ndi Wales analiika kukhala mlandu pawokha mu 2015. Kuno lamulo lathu la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 silinena za kumenya kokha, limatchulanso nkhanza za m'maganizo, za pachuma, kuopseza ndi kulondalonda munthu, ndipo khoti litha kupereka protection order yoletsa wozunzayo kumuyandikira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mwana wanu achimve kuchokera kwa inu, osati mawa koma msanga. M'nkhanizi amakonda kujambula dzanja la mwamuna lili pakhosi pa mkazi ngati chizindikiro cha chikondi choyaka. Kunja kuno, ofufuza anapeza kuti mkazi amene mwamuna wake anamukanyangapo pakhosi ali pa chiopsezo chophedwa ndi mwamunayo chochuluka pafupifupi ka 7 kuposa amene sanakanyangidwepo. Limenelo likachitika ngakhale kamodzi, palibe zokambirana ndi ankhoswe, palibe zodikira kuti aone ngati asintha.

Chifukwa chimene ndakanira zolanda foni ndi ichi. Mwamuna wa m'nkhani uja anachita chiyani? Analanda foni. Inu mukalandanso, mwana wanu aphunzira kuti wokukonda ali ndi ufulu wokulanda zako "pofuna kukuteteza," ndipo limeneli ndi phunziro lomwe tikufuna alikane. Ali ndi zaka 19, mwa lamulo ndi wamkulu, ndipo akawerengera pa foni ya mnzake ku koleji. Chimene mutaye ndi khutu lake. Mnyamatayonso musamunyoze pamaso pake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: mukaponya mwala kwa mnyamatayo muswa mwana wanu, ndipo ngati alidi wolamulira, mawu akuti "amako sandifuna, tatsala awiri" ndi amene akuwadikira. Akanakhala wa zaka 13 kapena 14 ndikanayankha mosiyana. Zina mwa nkhanizi n'zolembera akuluakulu, zili ndi zithunzi za kugonana mokakamiza, ndipo masamba ozifalitsa mwakuba safunsa zaka. Kwa mwana wotero kholo liyenera kuika malire ndi kudziwa chimene chili pa foni. Ngati pakhomo pali ang'ono ake amene amabwereka foni yomweyo, limenelo mulikambe naye mosabisa.

Chimene ndikukupemphani ndi chovutirapo kuposa kulanda. Mupempheni akusimbireni nkhaniyo kuyambira pachiyambi, monga mmene mumasimbirana za masewero a pa Zee World. Mumvetsere mpaka mudziwe maina a anthu ake. Musaseke, musatsonye. Kenaka mufunse ngati munthu wofuna kudziwa: "Nanga mtsikanayu anzake ali kuti? Amake akudziwa kumene ali? Mwamunayu akanakhala wosauka, wa mano othothoka, akukhala m'kachipinda kamodzi ku Kanyama, n'kuchita zomwezi, ukanati amamukonda zoopsa?" Funso lomalizali ndalifunsa atsikana ambiri, ndipo nthawi zambiri pamakhala kaye chete. Za chibwenzi chake musazilowetsemo tsiku limenelo. Nkhani ya pa foni ikupatsani njira yokambira za nsanje, za mantha ndi za kupepesa kosatha popanda kutchula dzina la munthu, ndipo iye mwini adzalumikiza yekha. Ngati muli ndi nkhani yanu, kapena ya mbale wanu amene anapirira mpaka anavulala, muuzeni. Ana athu amadziwa zambiri za akazi ojambulidwa kuposa za amayi awo enieni.

Mumuuzenso mawu awa momveka, ngakhale aoneke ngati sakumva: "Tsiku lililonse, ola lililonse, ukaona kuti ukuopa, undiimbire. Sindidzakufunsa kuti bwanji sunandimvere." Zikadzafika poopsa, nambala ya 933 ndi yaulere kwa okhudzidwa ndi nkhanza zotere, ndipo 116 ndi ya ana. Ku polisi mukafunse a Victim Support Unit. Zipatala zina za mu Lusaka zili ndi One Stop Centre kumene wovulazidwa amapeza chithandizo cha mankhwala, uphungu ndi apolisi pamalo amodzi, ndipo a YWCA akhala akuthandiza amayi ndi atsikana pa nkhani zimenezi kwa zaka zambiri. Inunso mutha kuimba 933 panokha kuti mufunse nzeru, simuyenera kudikira kuti mwana avomere.

Madzulo amene mudzakhale naye pampando paja, foni idzaitana muli pakati pa nkhani, poti mwati imaitana kangapo pa ola. Musadzanene kanthu. Mudzangoyang'ana nkhope yake dzina likatuluka pa foniyo. Muone ngati akumwetulira n'kunena kuti "ndimuimbira ndikamaliza kucheza ndi amami," kapena ngati mapewa akwera, mawu aduka, wadzuka kale kuthamangira panja foni isanaitane kachiwiri. Mukaona zimenezo mundilemberenso, mundiuze chimene mwaona, tidzapitirize kuchokera pamenepo.